Alito ya Mayi Mary

Spinney Hill, Leicester
17 Malichi 2024

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mng'ono wanga Felista ndi mwana wanga Mayankho. Ine kuno ndili bwino, chimfine chija chinatha. Munati mawu a pa foni amauluka ndi mphepo, ndiye nayi kalata ya papepala. Ngati maso akuvutabe, Felista akuwerengereni, koma asadumphe mizere.

Ndinasamuka m'chipinda chachinyezi chija. Pano ndikukhala kwa Anti Rizwana, mayi wamasiye wachisilamu, m'kamsewu ka nyumba zogundana ngati mano. Ali pa Ramadani, koma amandisungirabe masamusa m'mbale yovundikira. Kampani yomwe inandibweretsa kuno yandiika pa nyumba yosamalira okalamba ku Wigston. Ndimakwera basi ina kulowa m'tauni, ina kutuluka.

Mwa okalamba amene ndapatsidwa muli Mayi Mary, a zaka 70. Kwawo ndi ku Australia, koma anakwatiwa kuno kalekale ndipo anagwira ntchito pa fakitale ya masokosi mpaka kupuma. Sitiroko inawapha dzanja lamanja, n'kuwalandanso mawu. Amamva zonse, koma pakamwa pamangotuluka "eya" ndi "ayi".

Mwana wawo, Natalie, anawabweretsera galamafoni ndi chimbale chimodzi chokha, chachikulu chakuda chija. Tikangotha chakudya chamasana amachiloza ndi chibwano kuti ndichiike. Dzina lake m'Chichewa tingati Sitima ya Lachinayi. Anachiimba ndi malemu wina wa kwawoko, amangomutchula kuti Des ngati mchimwene wawo. Ndi chamba chija amati rock, magitala olira ngati chigayo. Tsiku loyamba ndinafuna kutseka makutu. Natalie anandiseka, akuti: "Tiyanjana, kwawo kwa amayi nyumba yopanda chimbale ichi ndi ya mlendo. Amachiimba paukwati, pamaliro, ngakhale kumpira." Ine ndinangoti chabwino, anthu ndi zokonda zawo.

Mankhwala anu a BP musamadumphitse chifukwa choti mwadzuka bwino. Kachewere musagulitse yense kwa mavenda a pa Lizulu, musiyeko wa mbewu. Mayankho asamatumidwe kumsika, mayeso a Sitandade 8 ayandikira.

Mwana wanu,
Tiyanjana


Spinney Hill, Leicester
21 Epulo 2024

Ababa,

Moni kwa nonse. Kalata yanu ndinalandira, ndakondwa kuti mwendo wasiya kutupa. Ine ndili bwino, kungoti mashifiti achepako masiku ano. Akuti ndi za kanthawi.

Ndikufuna ndibweze mawu anga pa chimbale chija. Ndachimva tsopano masiku oposa makumi atatu, ndipo chandigwira. Muli nyimbo khumi. Des uja anali wokonza njanji m'katauni ka migodi, pakati pa chipululu, kumene sitima inkafika kamodzi pa sabata. Amaimba za anthu wamba: mlimi amene akuwombera nkhosa zake chifukwa cha chilala, mayi woyembekezera mwamuna pa siteshoni, munthu wa mumgodi amene chifuwa chamuthera. Saimba mokometsera. Mawu ake ndi okhakhala ngati a munthu womeza fumbi, koma akafika pa kolasi tsitsi limachita nyaunyau. Sindinkadziwa kuti azungu nawonso ali ndi nyimbo za njala ndi za kudikira.

Kumbuyo kwa mawu a Des kumamveka mawu a mzimayi. Pa chikuto cha chimbale analemba mayina a onse, woimba ng'oma, wa gitala, ngakhale wojambula chithunzi, koma la mzimayiyo palibe. Natalie akuti ku Australia anthu akhala akufunsana zaka zonsezi kuti anali ndani.

Tsopano mverani. Mayi Mary sayankhula, koma kuimba amaimba. Anesi akuti zimachitika ndi odwala sitiroko. Chimene ndinaona n'chakuti satsatira Des ngati mmene amachitira aliyense womvera nyimbo. Amaimba alito. Inu munkatiuza pa kwaya ku Mlanda kuti woimba umamudziwa ndi pamene amapumira. Lachitatu ndikuwapesa tsitsi ndinatchera khutu. Mzimayi wa m'chimbale amaba mpweya pakati pa liwu, pamalo pamene wina aliyense sangapumirepo. Mayi Mary anapumira pomwepo. Pa nyimbo yotsatira chimodzimodzi. Pa nyimbo ya siteshoni mzimayiyo amachedwa dala kulowa, ndipo nawonso anachedwa, osaphonya ngakhale pang'ono.

Chipeso chinandigwa. Ndinagwada patsogolo pa mpando wawo n'kufunsa kuti, "Mayi, mawu awa ndi anu?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamanzere, mwamphamvu mpaka kuwawa, n'kunena kuti, "Eya."

Ababa, munthu amene ndimamusambitsa m'mawa uliwonse, dziko lonse la kwawo limamumva tsiku ndi tsiku osamudziwa. Ndinapita kukaima ndekha m'chipinda chochapira.

Malata a khitchini aja mudikire kaye, ndidzakuuzani.

Mwana wanu,
Tiyanjana


Spinney Hill, Leicester
9 Juni 2024

Ababa,

Moni. Ndathokoza Mulungu kuti Mayankho walemba mayeso ali wathanzi. Mumuuze kuti nsapato ndapatsira Chrissie, mnzanga wa ku Zambia uja, mlongo wake akudutsa ku Lilongwe mwezi uno.

Ndinamuuza Natalie. Poyamba anakwiya. Akuti, "Amayi anga asoka masokosi zaka makumi atatu. Sindinawamvepo akuimba ngakhale posamba. Usawaikire nkhani m'kamwa munthu wodwala." Ndinapepesa. Patapita sabata ziwiri anabwera maso ali ofiira, atanyamula envulopu. Anaipeza m'sutikesi yakale pamwamba pa wadiropu ya mayi ake.

Munali chithunzi ndi kalata. Pa chithunzipo pali anyamata anayi a tsitsi lalitali m'holo ya malata, ndipo pakati pawo mtsikana wovala epuloni, ali pa maikolofoni, maso atatseka. Mphuno ndi yomweyi. Kalatayo analemba ndi Des mu 1979. Natalie anandiwerengera tili m'galimoto yake, chifukwa m'nyumba muja makoma ali ndi makutu.

Nkhani yake ili chonchi. Mayi Mary ali ndi zaka 24 ankaphika pa hotela ya m'katauni ka migodi kaja. Des ndi anzake ankajambula nyimbo zawo m'holo yoyandikana ndi khitchini. Mtsikanayo ankazimva kudzera pakhoma, n'kumaikamo mawu ake akusenda anyezi. Tsiku lina Des anabwera kudzapempha madzi akumwa, anaima pakhomo osalowa. Masiku atatu otsatira, pa nthawi yopuma masana, Mary anaimba nawo nyimbo zisanu ndi imodzi. Koma bambo ake anali mkulu wa mpingo, wouma mtima, ndipo ankati mwana wamkazi woimba ndi anyamata a m'mabala ndi wotayika. Mary anamulumbiritsa Des kuti asadzamutchule. Chaka chomwecho anakwatiwa ndi mnyamata wa kuno amene ankagwira ntchito mumgodi, n'kukwera ndege. M'kalatamo Des akuti: "Ndasunga lonjezo. Koma udziwe kuti anthu akamalira pa nyimbo ya siteshoni, akulira iwe, osati ine." Anasungadi mpaka kumanda. Anzake atatu aja nawonso sanaulule.

Natalie anafuna kulembera ku Australia tsiku lomwelo. Ndinamuuza kuti mwini wake ali moyo, timufunse. Tinalowa. Natalie anagwada n'kuwaonetsa chithunzi. "Amayi, tiwauze anthu?"

"Ayi."

"Agogo anamwalira kalekale, amayi. Palibe wokukalipirani."

"Ayi. Ayi."

Anatembenukira kukhoma. Masiku anayi sanaloze galamafoni, ndipo chakudya ankangochilawa. Ndinadziimba mlandu kuti khutu langali lawaputira mavuto. Tsiku lachisanu analoza, ndinaika, ndipo nkhaniyo sitinaitchulenso.

Kuntchito kuli manong'onong'o ena okhudza kampani yathu, koma sindikufuna kulemba zinthu zimene sindinazione ndi maso.

Mwana wanu,
Tiyanjana


Spinney Hill, Leicester
11 Ogasiti 2024

Ababa,

Moni kwa nonse. Pepani pokhala chete. Ndili moyo, ndili bwino.

Zimene Felista anaona pa foni za zipolowe m'matauni ena kuno n'zoona, koma ife sizinatikhudze. Anti Rizwana anandiletsa kutuluka masiku awiri, tinangokhala m'nyumba n'kumasankha mpunga.

Ku Wigston sindikupitako masiku onse tsopano. Ndimapita Lamlungu lokha ndikachoka ku tchalitchi, kukawaona Mayi Mary. Amene akuwasamalira pano ndi mtsikana wabwino, koma galamafoni amaiopa, akuti angathyole singano. Ndiye amadikira ine.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Mbuzi yaikulu ija mukhoza kugulitsa ngati pavuta. Mayankho musamuuze chilichonse.

Mundipempherere.

Tiyanjana


Spinney Hill, Leicester
15 Seputembala 2024

Ababa,

Moni. Nkhani ya Mayankho yoti wasankhidwa ku sekondale yogonera komweko inandipeza ndili pa basi, ndinalira anthu akundiyang'ana. Mumugulire chofunda chokhuthala, ndi loko wa sutikesi.

Lero ndikuuzani zimene ndakhala ndikubisa. Ntchito inatha mu Julayi. Kampani ija boma linailanda chilolezo chake cholemba anthu ochokera kunja, ndipo tonse amene inatibweretsa tinatsala m'manja. Kumapeto kwa Ogasiti ndinalandira kalata yoti ndili ndi masiku 60 kuti ndipeze kampani ina, apo ayi ndibwerere. Ndalembera malo ambiri. Chrissie akundiyankhulira kumene amagwira ku Derby. Ndinaopa kukuuzani chifukwa cha BP yanu, komanso manyazi.

Amene wandipatsa mtima wolemba izi ndi Mayi Mary. Lamlungu loyamba la mwezi uno ndinapita kukawaona kalata ija ili m'chikwama. Ndinafuna kucheza nawo monga mwa masiku onse, koma zinakanika. Ndinawauza zonse. Ndinawauzanso kuti bambo anga sakudziwa, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambira pati. Anandimvetsera osaphethira. Nditati ndiike chimbale anakana. Anandiloza ine pakamwa.

Ndinamva chimene akufuna. Ndinayamba nyimbo ya siteshoni, mbali ya Des, ndi Chingerezi changa cha ku Ntcheu. Pa kolasi analowa. Popanda magitala, popanda ng'oma, anthu awiri m'kachipinda konunkha mankhwala. Mawu awo anakalamba, amanjenjemera, koma amadziwa pokhala. Amakulowa pansi n'kukunyamula, iwe woimba patsogolo n'kumadziona ngati katswiri. Ndaimba ndi anthu ambiri, Ababa, koma zoterezi sindinazionepo.

Titamaliza analoza chikuto cha chimbale ndi cholembera cha anesi chimene chinali pa tebulo. Ndinawagwirira chikutocho. Ndi dzanja lamanzere, chilembo chimodzi chimodzi, pansi pa dzina la woimba ng'oma, analemba dzina lawo ndi la bambo awo. Zinawatengera mphindi khumi. Ndinafunsa kuti, "Natalie awauze anthu?" Anati, "Eya." Kenako anandiloza ine, n'kuloza chikwama changa mmene munali kalata ija, n'kundikodola ndi chibwano ngati akuti nawenso.

Natalie analembera Bambo Julius, woimba gitala, yekhayo amene watsala moyo mwa anyamata anayi aja. Anayankha tsiku lomwelo: "Ndadikira kalata iyi zaka 45." Atalengeza kwawoko, mauthenga anayamba kubwera ngati ngumbi. Natalie amawasindikiza n'kumawawerengera mayi ake. Wina ndi woyendetsa thiraki amene akuti mawu amenewo amuperekeza m'chipululu moyo wake wonse. Wina ndi mphunzitsi, akuti ana a sukulu yake amaphunzira mbali ya alito imeneyo chaka chilichonse, ndipo pa pepala la nyimbo amangolemba kuti "mzimayi uja". Mayi wina akuti mwamuna wake atatsala pang'ono kumwalira anapempha nyimbo ya siteshoni, osati chifukwa cha Des, koma kuti amve mzimayiyo akulowa. Oimba ena otchuka a masiku ano akuti anayamba kuimba chifukwa cha chimbale chimenechi. Mayi Mary amamvetsera maso ali pawindo. Nthawi zina amati "ayi" motsitsa, ngati sakukhulupirira.

Musadandaule za ine. Anti Rizwana akuti pakhomo pawo sathamangitsa munthu.

Mwana wanu,
Tiyanjana


Spinney Hill, Leicester
20 Okutobala 2024

Ababa,

Moni kwa inu ndi Felista. Mawu anu aja ndinawalandira, oti mwana sachita manyazi kubwerera kwawo. Ndawerenga kambirimbiri. Koma sindibwera pano. Ku Derby anditenga, mapepala atuluka Lachinayi, kutatsala masiku khumi okha. Ndiyamba mwezi wamawa. Chrissie ndi m'bale weniweni.

Tsopano za dzulo. Bambo Julius anabwera kuchokera ku Australia, nkhalamba ya zaka 76 yoyenda ndi ndodo, gitala ili kumsana. Natalie anapempha amanijala kuti anthu ochepa a kwawoko okhala kuno abwere kudzapereka moni, 2 koloko masana. Tinakonza mipando makumi awiri m'chipinda chochezera. Pofika hafu pasiti wanu, pamalo oimika galimoto panali patadzaza. Anesi, aphunzitsi, omanga nyumba, ana a ku yunivesite, ochokera ku Nottingham, Derby, Northampton, ena mpaka ku London. Amanijala anawerenga kufika mazana awiri n'kusiya. Kunali kamvula kowaza, koma palibe anabwerera m'galimoto.

Tinawaveka Mayi Mary juzi yawo yobiriwira n'kuwatulutsa pa wilitcheya mpaka pakhonde. Amuna akuluakulu anavula zipewa. Bambo Julius anayenda pang'onopang'ono, anaika ndodo pansi, n'kugwada movutikira pa simenti yonyowa.

"Mary," anatero, "unatisiyira anyezi pamoto."

Mayi Mary anaseka. Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala nawo, kuseka kwawo ndinali ndisanakumve.

Kenako Bambo Julius anakhala pa mpando n'kuyamba kukhwacha gitala. Palibe anagawa mapepala, palibe anakweza dzanja kutsogolera. Anthu mazana awiri osadziwana anayamba nyimbo yoyamba pamodzi, liwu ndi liwu, mpaka ndi pamene Des amakhosomola m'chimbale, mnyamata wina anakhosomola, onse n'kuseka. Ana obadwa Des atamwalira kale ankaimba ngati anamuona. Okalamba athu ena anatulutsa mitu m'mawindo. Ine ndinaima kumbuyo kwa wilitcheya thupi lonse lili tsembwe. Ndinkaganiza kuti munthu mmodzi wokonza njanji, ndi mtsikana wosenda anyezi, anapanga chinthu m'masiku owerengeka, ndipo chinthucho chawoloka nyanja n'kudzaimitsa anthu pamvula ku Wigston.

Atafika pa nyimbo ya siteshoni, pamene mzimayi amalowa, onse anasiya kuimba. Sanapangane. Gitala yokha inkalira. Natalie anagwira maikolofoni pafupi ndi pakamwa pa mayi ake. Anachedwa, monga amachedwera, mpaka ndinaopa kuti salowa. Analowa. Mawu aang'ono, othetheka, koma pamalo pake. Ndinaona bambo wina wandevu, wovala jekete la omanga misewu, ataphimba nkhope ndi manja onse awiri.

Pa kolasi yomaliza mpweya unawathera. Anatembenuza mutu kundifunafuna, anandikoka mkono mpaka ndinawerama pa maikolofoni. Ndinamaliza ndine, Ababa. Alito imene munandiphunzitsa ndi ndodo ya nsungwi ija inagwira ntchito pamaso pa anthu a ku Australia.

Atabalalika anthu, ndinawavula nsapato n'kuwagoneka, ngakhale si ntchito yanganso. Anagona nthawi yomweyo.

Malata aja tikambirana ndikakhazikika. Mbewu ya chimanga mugule yocha msanga, mvula ya chaka chino sitikuidziwa.

Mwana wanu,
Tiyanjana


Normanton, Derby
12 Januwale 2025

Ababa,

Moni wa chaka chatsopano kwa inu, Felista ndi Mayankho. Ndamva kuti chimanga chamera bwino. Ine ndili bwino. Ntchito ya kuno ndi yoyenda khomo ndi khomo kusamalira okalamba m'nyumba zawo. Miyendo imatopa ndipo msana wayamba kuyankhula, koma mashifiti ndi okwanira. Ndikukhala ndi Chrissie. Malata aja tsopano mukhoza kuitanitsa.

Mayi Mary anatisiya pa 9 Disembala. Chibayo. Natalie anandiimbira ndili kuntchito, ndinakhala pa masitepe a nyumba ya eni ake mpaka mphepo itandilowa m'mafupa. Ndinali nditawaona Lamlungu lapitalo. Sanaimbe tsikulo, anangondigwira dzanja chimbale chikuzungulira. Maliro anachitikira ku Wigston. Anzawo a ku fakitale ya masokosi anabwera asanu, ndipo mmodzi anandiuza kuti, "Ndinakhala naye pa makina oyandikana zaka makumi awiri. Chimbalecho ndinachimvapo kwawo. Sanandiuze kanthu." Bambo Julius sanathe kubweranso, koma anatumiza uthenga woti chimbale achisindikizanso chaka chino, ndipo dzina la Mary likhala pansi pa la Des, m'zilembo zomwe analemba yekha ndi dzanja lamanzere. Natalie akuti mayi ake anaona chithunzi cha chikuto chatsopanocho asanamwalire.

Lachisanu lapitali ndinali pa siteji ya basi pafupi ndi chipatala, m'mawa, chisanu chili mbuu pa magalasi a galimoto. Sindinadziwe kuti ndikung'ung'udza. Pambali panga panaima mayi wina wovala yunifolomu ya anesi, watsitsi lofiira, khofi ali m'manja. Ndinangomva wayamba kuimba motsitsa, mbali ya Des, ndendende pamene ndinali. Ndinamuyang'ana, iye osandiyang'ana, maso ali kumsewu. Tinapitiriza choncho mpaka kolasi inatha.

Kenako anati, "Kwathu aliyense amaimba mbali ya Des. Inu mwaimba ya Mary."

Anatchula dzina lawo, Ababa, munthu wosawadziwa, pa siteji ya basi ku Derby, ngati dzina limene wakhala akulidziwa moyo wake wonse.

Anafunsa kuti ndinaiphunzira kuti. Ndinati, "Kwa mwini wake." Anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Basi yake inafika, anakwera, n'kundibayibitsa pawindo. Yanga inachedwa, ndipo sindinadandaule.

Mundiperekere moni kwa a kwaya onse. Mankhwala musaiwale.

Ndine mwana wanu,
Tiyanjana